Mthunzi wa Atsibweni

Padangokhala, padangotero, kale nyama zikadakwatirana ndi ankhoswe ngati ife, panali ng'ona ina yaikazi dzina lake Nazimbiri. Amayi ake anamwalira iye atangotha msinkhu. Alongo ake onse anapita kuchikamwini, ndipo padziwepo wamkazi anatsala yekha. Mwinimbumba anali atsibweni ake, a Dzoole, ng'ona yokalamba ya diso limodzi, yokonda tulo ndi milandu. Mwamuna wake anali Gwaza, mkamwini wochokera kumtunda kwa mtsinje, wodziwa kugwira nsomba koma wosadziwa kudziyankhira.

Amayi ake a Nazimbiri, ngakhalenso agogo ake, ankaikira mazira patsinde pa mkuyu. Koma maliro atangotha, a Dzoole anaona kuti mthunzi uja ukungowonongeka, nasamukirapo.

"Pamthunzi m'pa akuluakulu," anatero. "Iwe ukadali mwana. Kaikire pamchenga apo, malo ndi ambiri."

Nazimbiri anakaikira pamchenga, padzuwa. Mvula itayamba mazira anaswa, ana onse amuna. Chaka chinacho anaikiranso pomwepo, amuna okhaokha. Apa a Dzoole anaitanitsa banja lija.

"Mkamwini, tasenderani kuno. Kodi kwanu kuja akazi mumachita kubwereka?"

"Ayi atsibweni, alongo ndili nawo ambiri."

"Nanga bwanji kuno mukungotithira anyamata? Awa akula apita, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndikafa dziwe lino adzalitenga ndani? Achule?"

Gwaza anangoti zyoli.

"Mbewu yanu ndi yolakwika. Ndikunena pano mkazi wanu akumva. Mvula ikubwerayi mukapanda kutipatsa wamkazi, mupinde mkeka wanu. Amuna mumtsinje muno sasowa."

Nazimbiri mtima unamupweteka, chifukwa Gwaza ankamukonda ndi ufatsi wake womwewo. Asanatsegule pakamwa, panthambi ya mkuyu panamveka kutsokomola. Anali Ng'azi, dzina lake Thawale, atapachika nsupa m'khosi.

"Odi kuno, akuluakulu. Ndimangodutsa, koma makutu alibe chitseko."

Inu mukudziwa, palibe ng'ona yosadziwa chimene ng'azi imadya. Nazimbiri anati, "Dutsani ndithu, a Thawale. Mazira sitinaikire."

"Aa, mayi, zimenezo n'zakale. Ndinadwala ndulu, ndinatsala pang'ono kufa. Masiku ano dzira ndikangoliona ndimasanza. Pano ndine sing'anga. Kumadziwe a kunsi uko atsikana onse mukuwamva aja ndi manja angawa."

"Mumalipiritsa chiyani?" anafunsa a Dzoole.

"Ine sindilipiritsa, bwana. Mizimu imaletsa."

A Dzoole anakondwa, nati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Nazimbiri anayang'ana nsupa ija. Mumtima anati, sing'anga wosalipiritsa ndiye wodula kuposa onse. Koma akakana, Gwaza apita. Anavomera.

Chilimwe chitafika anaikira pamchenga paja. Thawale anabwera, nagoneka khosi lake pamchenga, apa, kenaka apo, ngati munthu woyesa madzi osambitsira khanda. Anamanga kachisakasa ka nthambi mbali imodzi ya dzenje, nati n'kotchinga maso a afiti. Kenaka anapereka lamulo. Iye akamatembenuza mazira, wina aliyense ayang'ane kumtsinje, chifukwa diso la mayi limaopseza ana aakazi, amasanduka amuna ndi mantha.

Anali ndi nyimbo yake. Inali nyimbo yozizira, yokokera, yonga yotonthozera mwana. Inkapempha mayi kuti asacheuke, inkalonjeza atsikana odzaza dziwe, ndipo pamapeto pa mzere uliwonse makolo ankayenera kuvomera pomenya mchira m'madzi. Thawale ankaimba mzere umodzi n'kukhala chete kanthawi, kuimba wina n'kukhalanso chete. Gwaza ankamenya mchira ndi mtima wonse. Nazimbiri ankamenya naye, koma khutu lake linali pa kachetechete kaja. Woimba amapuma, inde. Koma woimba uyu ankapuma ngati akumeza.

Anayamba kuona zinthu. Madzi a m'nsupa Thawale ankathira tsiku lotentha lokha, kukachita mitambo osathira. Khosi lake linayamba kunona. Mchenga wa m'chisakasa unayamba kutsika.

"A Thawale, mwanenepatu."

"Ndi mizimu, mayi. Ikalowa m'thupi imafuna malo."

"Nanga mchenga ukutsikawu?"

"Ana aakazi amagona mothinana. Samwazikana ngati anyamata."

"Pakamwa panupo pali chachikasu."

"Muzu umenewo. Wowawa kwambiri. Mulawe?"

Mvula itagunda, ana anayamba kulira pansi. Nazimbiri anafukula kunja kwa chisakasa, amuna okhaokha ngati kale. Anafukula m'chisakasa, napeza dzira limodzi lokha, laling'ono, lofewa. Linang'ambika, ndipo munatuluka kamwana kakakazi, kowonda, kakhosi katali.

Thawale anatambasula dzanja msanga. "Bwera naye, ndikamusambitse mankhwala kwathu."

Koma Nazimbiri anali atamutola kale. Anayankha mwana ali m'kamwa, mawu akutuluka m'mbali. "Mwana wa ng'ona amayamba walowa m'kamwa mwa amake. Mankhwalawo mubwere nawo kuno."

"Nanga ena onse a m'chisakasa?" anafunsa Gwaza.

"Afiti, bambo. Akanapanda kundipeza ine, ngakhale kameneka sakanakasiya."

A Dzoole anakayang'ana kamwana kaja ndi diso lawo limodzi nthawi yaitali. "Wamkazi ndi wamkazi," anatero. "Mkamwini ayambe wakhala. Tione mmene kakulire."

Nazimbiri anamutcha Msamude.

Ana a ng'ona amanyamulidwa m'kamwa masiku ochepa, kenaka amadziyendera. Msamude anakhalitsamo. Anali wofooka, ndipo alongo ake ankamuluma, choncho amake ankamubweza m'kamwa mvula ikagwa, mphamba akadutsa, ngakhale popanda chifukwa. Ankamuphunzitsa kumira, kubisa thupi n'kusiya mphuno zokha, kudikira osagwedezeka. Mwanayo ankamva. Koma amake akangotembenuka, ankamupeza pamwamba pa mtengo.

"Tsika. Unaonapo ng'ona m'mwamba?"

"Miyendo imangopita yokha, amayi."

"Iuze ibwerere yokha atsibweni asanadzuke."

Kunyumba nako sikunali mtendere. Tsiku lina Gwaza, yemwe sankayamba nkhani, anaiyamba.

"Mayi, ndifunse. A Thawale aja ankangochiritsa mazira okha?"

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Ine sindinanene kanthu. Koma khosi limenelija kwathu kulibe."

"Kwathunso kulibe. Inu munali pambali panga tikumenya michira. Ndinachoka nthawi yanji?"

Kuyambira tsikulo Gwaza nsomba yaikulu ankadya yekha.

A Dzoole nawo diso lawo silinachoke pa Msamude. Madzi atayamba kuphwa anamuitana.

"Ng'ona imadziwika ndi mpweya. Mira pamodzi ndi alongo ako. Ukayamba kuvuuka ndiwe, tidziwa."

Anamira onse. Nazimbiri anali atamuphunzitsa kuluma muzu pansi pamadzi n'kutseka maso. Alongo ake anavuuka mmodzimmodzi, poti anyamata sapirira. Msamude anavuuka pomaliza, maso ali psuu, akunjenjemera.

"Wapambana," anatero Nazimbiri.

"Wapambana mochita kuphunzitsidwa," anatero a Dzoole. "Tiyesanso."

Tsiku lina anawandanditsa ana onse kuti aothere dzuwa atayasamula, monga ng'ona zimachitira. Onse anayasamula, malilime ali phee pansi. Msamude anayesetsa. Koma kamphepo kanabweretsa fungo, ndipo lilime lake linatuluka lokha, lalitali, la nsonga ziwiri, n'kubwerera.

"Itanani sing'anga uja," anatero a Dzoole.

Thawale anabwera, naima patali pang'ono, pakamwa atatseka bwino.

"Lilime ili likufanana ndi la yani?"

"La mankhwala, bwana," anayankha ndi m'mphepete mwa milomo. "Muzu umene ndinathira ndi wa mphanda. Umagawa mwana kuti asakhale mwamuna. Nthawi zina umapitirira n'kugawa ndi lilime lomwe. Akadzakula lidzalumikizana."

"Inu bwanji mukulankhula ngati muli ndi chiseyeye?" anafunsa Nazimbiri.

"Dzino, mayi. Landigoneka masiku."

A Dzoole sanakhutire. "Yeso lomaliza ndi ili. Mazira a chaka chino akakhala pang'ono kuswa, tidzamusiya yekha awalondere, tsiku lonse, wosadya kanthu. Akakhala ng'ona, tidzawapeza. Akakhala chinthu china, ndidzamudya ndekha, ndipo mkamwini adzanyamuka tsiku lomwelo."

Apa Nazimbiri anachita mantha enieni, chifukwa panali chinthu chimene sanauze munthu. Tsiku lina anamupeza Msamude kuseri kwa bango akunyambita chikamba cha dzira la mbalame, maso atatseka ndi kukoma. Mwana anamulera yekha, m'kamwa mwake. Koma chimene chinali mkati mwa mwanayo sanachiike ndi iye.

Anakhala pansi n'kuyamba kulumikiza zimene anaona. Khosi logonekedwa pamchenga. Chisakasa. Madzi othira tsiku lotentha lokha. Amayi ake, amene ankaswa akazi ndi amuna omwe popanda sing'anga. Anadikira tsiku limene a Dzoole anapita kukaweruza mlandu kudziwe lina, napita patsinde pa mkuyu, nagoneka khosi lake pamchenga. Unali wozizirira, ngati wa m'chisakasa muja.

Anakumba pomwepo, pamalo penipeni pogona atsibweni, dzenje lakuya. Anaikiramo mazira ambiri, nakwirira, nasalaza ndi mchira. Otsalawo anakaikira padzuwa paja. Potembenuka anaona timaso tiwiri ta Msamude panthambi.

"Waona chiyani?"

"Sindinaone, amayi. Koma ndikumva fungo."

"Fungo limenelo ulimeze. Usauze atate ako, usauze agogo ako a Dzoole, makamaka sing'anga."

A Dzoole anabwerako, nagona pamalo pawo, osadziwa kuti akufungatira.

Thawale anabweranso ndi nsupa yake, namanganso chisakasa padzuwa paja. Atafukula anakwinya nkhope.

"Mayi, chaka chino ndi ochepa bwanji?"

"Nkhawa, a Thawale. Thupi silibereka bwino mtima uli m'mwamba."

Lilime la Thawale linatuluka pang'ono, kuloza uku ndi uku, n'kubwerera msanga. Anaimba nyimbo yake ija, yopempha mayi kuti asacheuke, ndipo makolo anamenya michira. Koma chaka chimenechi kupuma kwake kunali kochepa, ndipo mawu ake anali a munthu amene wapatsidwa ndiwo zosakwana.

Tsiku la yeso linafika. Mitambo inali itayamba kusonkhana. A Dzoole anamuika Msamude pamazira a padzuwa, m'mimba muli pululu, nalamula onse achoke. Iwo anakagona pamthunzi pawo, nati adzaona madzulo. Nazimbiri anatenga mwamuna wake, nazungulira kuseri kwa bango, namira naye pafupi, mphuno zokha zili kunja.

"Tikubisaliranji?" ananong'ona Gwaza.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Khalani chete."

Sipanapite nthawi, Thawale anatulukira. Anayang'ana uku ndi uku, nakhala pafupi ndi Msamude.

"Wadya, mwana?"

"Ayi."

"Ana awo enieni sawagoneka ndi njala. Tatulutsa lilime."

Msamude anatulutsa. Thawale anatulutsa lake lonse, naliika pambali. Anali ofanana ngati masamba a mtengo umodzi.

"Ndiwe wanga. Amako enieni ali kuchulu uko. Ndiwe dzira la mkazi wanga."

Pansi pamadzi Gwaza anayang'ana mkazi wake. Nazimbiri sanamuyang'ane.

"Ndiye munandisiyiranji kuno?" anafunsa Msamude.

Thawale anaseka. "Ngozi, mwana wanga. Ndinkafuna kuwasiyira wamkazi mmodzi kuti azindiitana chaka ndi chaka. Paja wodwala akachiriratu sing'anga amagona ndi njala. Koma kunja kunkatentha, ndiye ndinkadyera pamthunzi. Pozindikira, a m'chisakasa onse ndamaliza. Ndinathamanga kunyumba n'kukatenga iwe. Ndimati ukaswa ndikutenge, koma mayi uja pakamwa n'pachangu."

"Nanga mankhwala?"

"Madzi a mumtsinje momwemu. Mchenga wotentha umaswa amuna, wozizirira umaswa akazi. Ife ofukula timadziwa zimenezi kuyambira makolo. Eniake amangoikira, kukwirira, basi n'kumanamizira akamwini." Anasendera pafupi. "Tsono tamva. Mayi uja anabisa ena. Ine fungo ndikulimva koma mphepo ikundisokoneza. Iwe umakhala nawo. Ali kuti? Sunalawepo dzira la ng'ona, mwana wanga. La mbalame lija ndi madzi chabe."

Nazimbiri anaona dovu likutsika pakamwa pa Msamude, likudontha pamchenga. Anaona lilime likutuluka, likubwerera, likutulukanso. Mwanayo anayang'ana dzenje limene ankalondera, nayang'ana Thawale.

"Tiyeni," anatero.

Gwaza anafuna kuvuuka. Nazimbiri anamupanikiza ndi mchira. Pamtunda ng'ona siingapikisane ndi ng'azi, ndipo iye ankafuna aone mpaka pamapeto, ngakhale mtima unali utagwera m'matope. Anawatsata pansi pamadzi mpaka pafupi ndi mkuyu.

"Ali pansi pa mimba ya agogo," ananong'ona Msamude.

Thawale anabwerera m'mbuyo. "Ukufuna kundiphetsa?"

"Akagona sadzuka. Diso lili mbali inoyi ndi lakufa lija. Mukumbe cham'mbali, ine ndikwere mumtengo ndizikuonerani."

Thawale analawa mphepo. Fungo linali pomwepo, lambiri, lonona. Umbombo unaposa nzeru. Anayamba kukumba cham'mbali, ndipo poti chizolowezi sichimva, anayamba kung'ung'udza nyimbo yake ija pansipansi, yopempha kuti wina asacheuke. Mutu unalowa, mapewa analowa, kunja kunatsala mchira wokha ukugwedezeka motsata nyimbo.

Msamude anakwera mkuyu, kukwera kuja amake ankamuletsa. Anayenda panthambi mpaka pamwamba penipeni pa mutu wa a Dzoole. Anaima pang'ono, dovu likadali pakamwa. Kenaka anadziponya, nagwera pa diso lamoyo lija.

A Dzoole anadzidzimuka. Chinthu choyamba kuona chinali mchira wa ng'azi ukuvina pansi pa mimba yawo. Anapinda khosi, nauti khapu.

Thawale anatuluka chafutambuyo, mchenga uli m'maso. "Pepani bwana, ndimaika mankhwala oteteza malo anu."

A Dzoole sanayankhe, poti m'kamwa munali modzaza. Anayamba kukunga thupi. Inu mukudziwa, ng'ona ikagwira nyama imagubuduka nayo kuti iithyole.

"Dikirani," anatero Thawale, mawu akuthamanga. "Musanagubuduke, tamverani pansi panupo."

Onse anatchera khutu. Pansi pa mimba ya a Dzoole panamveka timawu, kamodzi, kenaka tambiri, tikuitana.

"Mbumba yanu imeneyo, bwana. Atsikana. Dzenje ndalibowola kale, denga latsala lopyapyala. Mukagubuduka, mundipha ine mmodzi, koma iwo muwaphwanya onse. Mukafuna kudzuka bwinobwino, khosi lanulo liyenera kuwongoka, ndiye kuti mchira wangawu muusiye. Sankhani. Ine sindikuthamangira kulikonse."

Nazimbiri anali atatuluka kale m'madzi. "Atsibweni, musagwedezeke. Akunena zoona, kamodzi kokha m'moyo wake."

A Dzoole anayang'ana wakuba, namvera timawu tija. Anakukuta mano kamodzi, nsonga ya mchira n'kuduka, nawongola khosi. Thawale sanatsanzike. Anakaima patali, pamwamba pa chulu, akunyambita chitsa cha mchira wake.

"Malangizo amenewa ndakupatsani ulere," anakuwa. "Paja ndinanena kuti sindilipiritsa."

A Dzoole ananyamuka pang'onopang'ono, mwendo umodzi, kenaka wina, ngati munthu wotsika pamphasa pali khanda. Nazimbiri ndi Gwaza anafukula. Ana anatuluka, akazi, akazi, akazi, apo ndi apo wamwamuna wa m'mphepete. Pakamwa pa Nazimbiri panadzaza, pa Gwaza panadzaza, ndipo otsalawo anawanyamula a Dzoole eniake, amene anali asananyamulepo mwana chibadwire.

Atawafikitsa kumadzi, mkulu uja anatsokomola.

"Anakumba pamalo panga ndani?"

"Ndine, atsibweni. Ndi pamene ankaikira alongo anu."

"Ndipo wandipusitsa kuti ndifungatire ngati nkhuku."

"Mwafungatira bwino. Palibe losukusa."

Gwaza analankhula, ndipo aka kanali koyamba kuti alankhule kwa a Dzoole asanafunsidwe. "Ndiye kuti mbewu ija inalibe mlandu, atsibweni?"

"Mbewu ndi yomweija," anatero Nazimbiri. "Padzuwa inabala amuna, pamthunzi yabala akazi. Amene anasintha ndi mwini munda."

A Dzoole anayang'ana kumbali. Munthu wamkulu akachita manyazi amafuna pena potayira mkwiyo, ndipo diso lawo linagwera pa Msamude, yemwe anali atakhala payekha patsinde pa mtengo.

"Chabwino. Mkamwini akhale. Koma uyu ndi mwana wa wakuba. Mchenga ungasinthe mwamuna kukhala mkazi, koma sungasinthe ng'azi kukhala ng'ona. Dovu lija ndaliona, lagwera pamphuno panga. Lero watithandiza, mawa adzatidyera. Make mbuu, mwana mbuu."

Msamude sanathawe. Anangoyang'ana amake.

Nazimbiri anayenda, nakagona pakati pa mwanayo ndi atsibweni ake.

"Kuti ndi ng'azi, sindikukana. Lilime ndi la atate ake, miyendo ndi ya atate ake, njala ya mazira ndi ya atate ake. Sindingazichotse, ndinayesa. Koma ndifunse. Pakati pa ife tonse, ndani angamve fungo la wakuba asanafike? Ndani angakwere mumtengo n'kuona kutali? Ife tinamenya michira zaka ziwiri, kuvomera nyimbo ana athu akudyedwa kumbuyo kwathu. Uyu anali ndi njala, dzira lili pamphuno, atate ake akumuitana. Munaona kumene anagwera."

"Anagwera pa diso langa."

"Ndi lokhalo linali lotseka pamene limafunika."

Gwaza anaseka, n'kudzigwira msanga.

"Zida anabadwa nazo," anapitiriza Nazimbiri. "Koma kumene amazilozetsa anaphunzira m'kamwa muno. Mukafuna kumudya, muyambe mwatsegula pakamwa panga, poti ndi kwawo."

A Dzoole anacheuka. Tiana tija tinali titayamba kukwera pamsana pawo.

"Ukamusunga, mlandu wake ndi wako," anatero pomaliza. "Ndipo wina andipezere pogona. Pano pakuoneka kuti pali eniake."

Madzulo ake Gwaza anagwira nsomba yaikulu, naiika pamaso pa mkazi wake. Nazimbiri anaidula pakati, theka napatsa Msamude.

Kuyambira pamenepo mazira ankaikiridwa pawiri, ena pamthunzi, ena padzuwa, kuti dziwe lisasowe akazi kapena amuna. Mlonda anali Msamude, pamwamba pa mkuyu, lilime likulawa mphepo. Thawale anabwerako kangapo ndi mchira wake woduka, tsiku lina atavala ngati mlaliki, tsiku lina akuti wabwera kudzaona mwana. Nthawi zonse ankapeza ng'ona zikumudikira kale. Nyimbo yake ija Nazimbiri anaisunga, ankatonthozera nayo ana, koma mawu anawatembenuza. Tsopano inkauza mayi kuti woimba akakoma mawu, ndiye nthawi yocheuka.

Tsiku lina Gwaza anaona mkazi wake akunyamula nsomba ndi nkhono kupita nazo patsinde pa mkuyu m'mawa, mlonda asanakwere. Mazira osukusa a chaka chatha nawonso ankamusungira iyeyo.

"Mayi, mwana uja mumati mumamukhulupirira. Nanga zonsezi n'zachiyani?"

"Ndimamukhulupirira ndi mtima wonse," anatero Nazimbiri. "N'chifukwa chake sindimutuma ndi njala."

Yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione yekha, ine manja ali ndi mwana.